Kuchokera pa malimidwe kufika pa makuponi: mmene maganizo a chitukuko cha kumudzi asinthira m'Malawi

Mwezi wa Januwale, chimanga chikafika m'mawondo nkhokwe zambiri zili pululu, m'midzi ya m'Malawi mumachitika chinthu chimene aliyense wofuna kumvetsa za chitukuko cha kumudzi ayenera kuyambirapo. Mayi amalawira m'mbandakucha khasu lili paphewa, amadutsa munda wake umene udzu wayamba kale kutsamwitsa mmera, n'kupita kukapalira munda wa mnzake wopezako bwino kuti madzulo abwere ndi kambale ka ufa kodyetsa ana. Akamadzabwerera kumunda kwake patatha sabata ziwiri, nthawi yopalira ndi yothira feteleza imakhala itadutsa, ndipo popeza mmera m'poyamba, zokolola za chaka chimenecho zimakhala zitachepa kale mvula isanakate. Chaka chamawa adzapitanso kuganyu pa chifukwa chomwecho. Mayi ameneyu ulimi amaudziwa bwino, koma njala ya lero imamulanda mphamvu zimene zikanathetsa njala ya mawa.

Kwa zaka zoposa 70, maboma osiyanasiyana pamodzi ndi mayiko ndi mabungwe othandiza akhala akuyesa kumuchotsa mu msampha umenewu, ndipo njira zawo zasintha kangapo. Njira iliyonse inkachokera pa chithunzi chimene olamulira anali nacho cha munthu wa kumudzi: ena ankamuona ngati wowononga nthaka wofunika kumukhaulitsa, ena ngati mwana wofunika kumutsogolera, ena ngati wamalonda amene boma likumutsekereza, ndipo ena ngati wosauka amene akungosowa matumba awiri a feteleza.

M'nthawi ya atsamunda, makamaka pambuyo pa njala ya 1949 imene inakantha kwambiri chigawo chakummwera, boma linkakhulupirira kuti vuto lalikulu ndi kukokoloka kwa nthaka. Linakhwimitsa malamulo amene anthu anawatcha malimidwe, okakamiza kupanga mizere yopingasa ndi migula, kubzala pa nthawi yoikika ndi kuzula mapesi a mbewu zina, ndipo wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende. Zambiri mwa njirazo zinali zothandiza, ndipo mizere yomweyo tikulimabe mpaka lero, koma chifukwa zinabwera ndi chikoti, anthu anazida koopsa moti mkwiyo wa malimidwe unathandiza kwambiri chipani cha Congress kupeza otsatira kumidzi m'zaka za m'ma 1950. Anthu amene ankauzidwa kuti sakusamala nthaka anali omwewo amene malo awo achonde ku Thyolo ndi ku Mulanje anali atasanduka minda ya tiyi, iwo n'kumagwira thangata.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr. Hastings Kamuzu Banda anaika ulimi patsogolo pa zonse ndi mawu amene akuluakulu amawakumbukirabe akuti chuma chili m'nthaka. Njira ya nthawi imeneyo inali ya mapulojekiti akuluakulu oikidwa m'madera osankhidwa. Mu 1968 munayamba Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za World Bank, ndipo ina yofanana nayo inakhazikitsidwa ku chigwa cha Shire, ku Salima ndi ku Karonga. Ganizo lake linali lakuti mlimi sangatukuke ndi mbewu yokha, choncho pulojekiti imodzi inkalambula misewu, kukumba mijigo, kumanga misika ndi nyumba za alangizi, kupereka ngongole, ndiponso kumadzulo kwa Lilongwe kulembetsa malo a mabanja mwa njira imene anthu anaitcha ndunda. Ganizo limeneli linali litagwira dziko lonse lapansi, makamaka Robert McNamara, amene anali mkulu wa World Bank, atalankhula ku Nairobi mu 1973 kuti umphawi wa kumudzi uthetsedwe kudzera mwa alimi ang'onoang'ono. Mapulojekitiwo ankadya ndalama zambiri koma n'kufikira gawo lochepa la anthu, n'chifukwa chake mu 1978 boma linayambitsa National Rural Development Programme yofalitsa ntchitozo m'dziko lonse, n'kuligawa m'zigawo 8 za ulimi zotchedwa ma ADD, zimene zilipobe kuyambira ku Karonga mpaka ku chigwa cha Shire.

Anthu akamanena kuti kale ulimi unali ndi mwini, amanena za nyengo imeneyi. Mlangizi ankadziwika ndi dzina m'mudzi ndipo ankafika ndi njinga yake pamunda wachitsanzo. Alimi ankalowa m'makalabu n'kutenga feteleza ndi mbewu pangongole, ndipo pafupifupi ngongole zonse zinkabwezedwa, ngakhale kuti wolephera ankatha kulandidwa mbuzi kapena ziwiya. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, inali ndi misika ngakhale kumidzi yakutali, inkagula pa mtengo umodzi m'dziko lonse, ndipo nthawi ya njala inkagulitsa chimanga pa mtengo wodziwika. Mlimi ankabzala akudziwa kumene akagulitse, ndipo chimenechi n'chinthu chachikulu kuposa mmene ambiri olemba ndondomeko amaganizira.

Komabe chikumbukiro chokomachi chimabisa mbali ina imene sitiyenera kuiiwala. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale ndi wowotcha m'mabani, amene anali ndi ndalama zambiri, n'kumusiyira eni maesiteti, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu a mphamvu m'boma ndi m'chipani pamodzi ndi makampani monga Press Farming. ADMARC inkagula fodya wa chikopa, thonje ndi mtedza kwa alimi ang'onoang'ono pa mitengo yotsika kwambiri poyerekeza ndi imene inkagulitsira kunja, ndipo phindu lalikulu linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani. Malo ambiri a makolo ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba anasanduka maesiteti, ndipo mabanja ochokera ku maboma opanikizana akummwera anakakhala matenanti, olima fodya wa mwini malo n'kumalandira chakudya pangongole yodzadulidwa pa nthawi yogulitsa. Makalabu a ngongole nawo ankafikira kwambiri alimi opezako bwino, achikumbe ndi anzawo, osati mayi wa ganyu uja. Chuma chinalidi m'nthaka, koma njira imene chinkadutsa potuluka m'nthakamo inkachilambalalitsa mwini khasu.

Kuyambira mu 1981, Malawi anayamba kulandira ngongole za World Bank ndi IMF zobwera ndi malamulo okonzanso chuma, pa nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inali kutseka njira za ku Beira ndi ku Nacala n'kukweza mtengo wa chilichonse cholowa m'dziko. Chithunzi cha munthu wa kumudzi chinasinthiratu: tsopano ankaoneka ngati wamalonda wanzeru amene boma likumupondereza, ndipo mankhwala ake anali oti boma lichoke pamsika. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula zokolola za alimi ndipo ADMARC inatseka misika yambiri imene sinkabweretsa phindu. Chilala cha 1992 pamodzi ndi ndale za nthawi ya riferendamu zinagwetsa ngongole za makalabu, ndalama ya kwacha inasiyidwa kuti iziyendera mphamvu ya msika mu 1994 n'kugwa kwambiri, ndipo sabuside ya feteleza inachotsedwa m'zaka zomwezo. M'kanthawi kochepa mlimi anataya ngongole, msika wodalirika ndi feteleza wotsika mtengo, zonse pakamodzi.

Amene ankalimbikitsa njira imeneyi ankayembekezera kuti amalonda adzapikisana n'kukweza mitengo. Kufupi ndi misewu ya tala zinachitikadi pang'ono, koma kumene msewu umaduka mvula ikagwa, wogula amabwera mmodzi ndipo mtengo amanena ndi iyeyo. Aliyense amene anaimapo pa malo ochitira malonda mwezi wa Epulo kapena Meyi akudziwa chithunzi chake: venda wapachika sikelo pa nthambi ya mtengo wa mango, mizere ya njinga zonyamula matumba yafika, ndipo alimi akugulitsa chimanga chosauma bwino chifukwa fizi ya mwana, ngongole ya katapila ndi sopo sizidikira. Sikeloyo palibe amene waiyesa ngati ili yolungama. Pofika Januwale, mlimi yemweyo amagula chimanga chomwecho pa mtengo wowirikiza, nthawi zina kwa venda yemweyo. Ine ndimaona kuti kusiyana kwa mtengo wa pokolola ndi mtengo wa nthawi ya njala kwasaukitsa mabanja ambiri kuposa chilala, chifukwa chilala chimabwera mwa apo ndi apo pomwe kusiyana kumeneku kumabwera chaka chilichonse.

Si zonse za nyengo imeneyi zinali zowawa. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, ndipo m'zaka zochepa anadzakhala olima ambiri a fodyayo, moti nyumba za malata, njinga ndi timagolosale tinachuluka m'madera a Kasungu, Dowa ndi Rumphi. M'makalabu a fodyawo ndimo munatuluka bungwe la NASFAM chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1990 momwemo akatswiri a kafukufuku wa zaulimi a ku Chitedze anatulutsa mbewu za chimanga za MH17 ndi MH18, zimene njere zake zinali zolimba moti zinkakonoka bwino mu mtondo ndi kusungika pafupifupi ngati chimanga chamakolo. Amayi anali atakana mbewu za haibulidi zoyamba kwa zaka zambiri chifukwa zinkaphwanyika pokonola ndi kufumbwa msanga, ndipo akatswiri atamvera chifukwa chawo, mbewu zatsopanozo zinalandiridwa mosavuta.

Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, mawu a chitukuko anasinthanso. Kunabwera MASAF, imene inkapereka ndalama kuti anthu asankhe okha chomanga, iwo n'kuumba njerwa ndi kututa mchenga, ndipo mu 1998 kunabwera lamulo la maboma ang'ono ndi mfuu yakuti mphamvu ku anthu. Makomiti a chitukuko a m'midzi anakhazikitsidwa, koma ndalama zambiri ndi zigamulo zikuluzikulu zinatsalabe ku Lilongwe.

Njala ndiyo inabwezera boma m'munda. Mu 1998 boma la Bakili Muluzi linayamba kugawa timatumba ta sitata paki kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni, muli makilogalamu 15 a feteleza, mbewu ya chimanga ndi ya nyemba kapena mtedza zokwanira kachigawo kakang'ono ka munda, ndipo zokolola zinakwera kwa zaka ziwiri. Pulogalamuyo itachepetsedwa, ndiponso chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, njala ya 2002 inapha anthu ambiri. Chilala cha 2005 chitabwera, Bingu wa Mutharika anayambitsa pulogalamu ya makuponi, imene inadzatchedwa FISP, ngakhale kuti ena mwa othandiza dziko lino sanagwirizane nayo. Mlimi wolandira makuponi ankagula thumba la feteleza wokulitsa ndi la wobereketsa, lililonse la makilogalamu 50, pa K950 chaka choyamba ndipo pambuyo pake pa K500. Mvula inagwa bwino zaka zotsatira, chimanga chinachuluka, ndipo Malawi anatchuka mu Africa yense ngati chitsanzo. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linaikuza pulogalamuyi pansi pa dzina la AIP kuti ifikire mabanja oposa 3 miliyoni pa K4,495 thumba, koma mtengo wa feteleza utakwera padziko lonse ndipo kwacha itagwa, mtengo wa mlimi unafika pa K15,000 ndipo chiwerengero cha opindula chinayamba kuchepetsedwa chaka ndi chaka.

Munthu amene anaonapo mwana wotupa miyendo mu 2002 sangapeputse sabuside, ndipo ine sindikuipeputsa. Koma walira mvula walira matope. M'chaka cha 2008/09 pulogalamuyi inadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse ya dziko, ndipo m'zaka zambiri yakhala ikutenga theka kapena kuposerapo la ndalama za unduna wa zaulimi, zimene zikutanthauza kuti kafukufuku, ulangizi, ulimi wamthirira ndi chisamaliro cha ziweto zimagawana zotsala. Lero mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa chikwi, ndipo madera ena akudalira alimi otsogola ongodzipereka. M'midzi yambiri mfumu imagawa thumba limodzi kwa mabanja awiri kapena atatu pofuna kusunga mtendere, amayi amagona pamzere wa depoti, ndipo feteleza nthawi zina amafika chimanga chitamasula kale ngayaye. Choopsa kwambiri chili m'nthaka momwemo: munda umene walimidwa chimanga chokhachokha kwa zaka makumi angapo, mapesi akuwotchedwa chaka ndi chaka, umatha chonde ndi kuchita asidi, kaufiti amamera, ndipo thumba lomwelo la feteleza limabereka zochepa kuposa kale.

Pali masamu ena amene pulogalamu iliyonse ya feteleza singawathawe. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, 84 mwa 100 alionse akukhala kumudzi, pa nthaka yomweyo. Mabanja ambiri tsopano amalima malo osafika hekitala imodzi, ndipo m'maboma monga Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Phalombe ambiri ali ndi ekala imodzi kapena kucheperapo. Alimi ang'onoang'ono kawirikawiri sakolola matani oposa 2 pa hekitala, omwe ndi matumba 40, choncho ekala imodzi ikabereka bwino imapatsa matumba ngati 16, ndipo banja la anthu asanu limadya pafupifupi onsewo chaka chisanathe. Ngakhale zokololazo zitawirikiza kawiri, matumba 16 otsalawo, ogulitsidwa pa sikelo ya venda mu Meyi, sangalipire sukulu ya sekondale, malata, chipatala ndi feteleza wa chaka chamawa. Chimanga cha pa ekala imodzi chikhoza kuthetsa njala ya banja, koma umphawi wake sichingauthetse.

N'chifukwa chake akatswiri anayamba kufunsa funso lina, losiya kuyang'ana munda wokha n'kuyang'ana banja lonse ndi njira zonse zimene limapezera zosowa. Atayang'ana motero anapeza zimene anthu a kumudzi ankazidziwa kale, zoti mabanja ambiri olima chimanga amagula chimanga chambiri kuposa chimene amagulitsa, ndipo ndalama yake imachokera ku ganyu, ku makala, ku kabaza, ku zitumbuwa ndi tomato wa pamsewu, kapena kwa mwana amene ali ku Joni, monga zimachitikira kwambiri ku Mangochi ndi ku Mzimba. Kuona kotereku kunabala njira zatsopano. Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse, imapereka ndalama mwachindunji kwa mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye, amene ngakhale atapatsidwa feteleza sangathe kulima. Mabanki mkhonde apatsa amayi pobwereka ndalama nthawi ya mavuto popanda kugulitsa mbewu ili m'munda. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kukakhala pa malo ogulidwa kwa eni maesiteti m'maboma monga Mangochi ndi Machinga, ndipo inali imodzi mwa nthawi zochepa zimene boma linakhudza nkhani ya malo mwachindunji.

Wina angaganize kuti zimenezi zikusonyeza kuti ulimi watha ntchito, koma maganizo amenewo ndi olakwika. Kabaza amanyamula anthu chifukwa anthuwo agulitsa mtedza, mmisiri amamanga nyumba chifukwa fodya watuluka bwino ku okushoni, ndipo chigayo, telala ndi golosale pa malo ochitira malonda zimayenda kapena kuima potsatira zokolola. Chimanga chikakwera mtengo, mitengo ya zinthu zonse m'dziko imakwera, ndipo fodya akadali mbewu yobweretsa ndalama zakunja zambiri kuposa china chilichonse. Udindo wa ulimi pa chitukuko cha kumudzi ndi wopanga ndalama zimene zimazungulira m'deralo n'kutsegula ntchito zina, kuti mwana amene sadzapeza munda apeze pogwira. Kuti utero, uyenera kukhala wa mbewu zosiyanasiyana zokhala ndi msika wodalirika, ndipo pamenepa alimi a nandolo ali ndi bala losapola: anauzidwa kuti asiye kudalira chimanga, analima nandolo wambiri, koma mu 2017 India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo unagwa moti ena sanaone chifukwa chokolola. Zofanana nazo zimachitika boma likatseka mwadzidzidzi malonda a kunja a chimanga kapena soya alimi atakolola kale, ndipo mlimi amene wapsa kamodzi amabwerera ku chimanga chodya yekha.

Nyengo nayo yasintha masamu onse. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anapha anthu mazana ambiri ndi kukokolola minda kummwera, ndipo chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa kuti boma lilengeze ngozi m'maboma 23 mwa 28. Feteleza wothiridwa m'munda umene mvula yadula kwa sabata zitatu ndi ndalama yotayika. Alimi a ku Ekwendeni ndi madera ena asonyeza kwa zaka zoposa 20 kuti kuphatikiza nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, kenako n'kubzalamo chimanga chaka chotsatira, kumabwezera chonde ndi kupatsa ana ndiwo zopatsa thanzi. Mitengo ya nsangu, kuphimbira nthaka ndi mapesi ndiponso manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza wochepa ndi gaga, phulusa ndi ndowe, zikufalikira makamaka chifukwa thumba la feteleza lakwera kufika poti ambiri salikwanitsa. Njira zimenezi zimafuna mlangizi wokhala pafupi ndi alimi, yemweyo amene bajeti yamuiwala.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, aika ulimi wamalonda pamodzi ndi mafakitale ndi kukula kwa matauni ngati mizati itatu, ndipo nkhani za minda ikuluikulu ndi makopaletivi zabwereranso. Chiyeso chake chachikulu chili ku chigwa cha Shire, kumene ngalande yochokera ku Kapichira ikukumbidwa kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Kumeneko alimi akupemphedwa kuphatikiza timinda tawo kuti tikhale munda umodzi waukulu wa kopaletivi woyendetsedwa ndi akatswiri olembedwa ntchito, iwo n'kumalandira gawo la phindu molingana ndi kukula kwa malo amene anapereka, monga amachitira alimi a nzimbe a Phata ku Chikwawa. Madzi oyenda okha popanda mapampu, m'dera limene limapsa ndi dzuwa chaka china n'kumira chaka chinacho, ndi mwayi waukulu ndithu. Koma anthu amene makolo awo anagwira thangata kapena utenanti ali ndi chifukwa chofunsa mafunso asanasainire. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo, ndipo m'kaundula ameneyo muyenera kuoneka bwino ngati dzina lolembedwa ndi la mkazi amene amalima, la mwamuna wake kapena la malume. Mgwirizano wa kopaletivi uyenera kunena poyera amene amawerengera ndalama, mwezi umene gawo la phindu limaperekedwa, kachigawo kamene katsalire banja kolimapo chakudya, ndiponso chimene chidzachitikire malo a munthu wofuna kutuluka chaka chimene mbewu yagwa mtengo.